Mfundo Yomasulidwa ndi Pakamwa

Rukiya analota dzuwa litamangidwa ndi chingwe cha khoka pachitsulo cha thanki ya nsomba.

Sanadabwe. Ku Norway kumene ankaphunzira za ulimi wa nsomba, dzuwa la mwezi wa Juni linali kale ndi khalidwe la mlendo wosadziwa kutsanzika, ndipo Ramadhani ya chaka chimenecho inagwera m'mwezi womwewo. Maphunziro akunjawo anachita kuwalirira yekha, ndiye walira mvula walira matope. Anavala jombo ndi magolovesi monga ankachitira m'mawa uliwonse pamalo oswetsera nsomba pamene sukulu inamutumiza kukaphunzira ntchito, nanyamula ndowa ya chakudya cha nsombazo.

Anawaza chakudyacho pamadzi. Nsomba, zimene masiku onse zinkalimbirana ngati ana asukulu pamzere wa phala, sizinasunthe. Imodzi inatulutsa mutu.

"Zikomo, achemwali," inatero. "Ifenso tamanga. Tikudikira mayi anu."

Rukiya anachita mantha, chifukwa nsombayo inanena zoona. Mayi ake, Abiti Mkwanda a ku Ntaja, anali ndi matenda a shuga. Adokotala ndi ashehe omwe anali atawauza kuti wodwala ngati iwo sakakamizidwa kumanga, kapena kuti kusala kudya ndi kumwa mpaka dzuwa litalowa, koma Abiti Mkwanda anali ndi makutu osankha zomva. Tsiku limene anamva pafoni kuti kwa mwana wawo dzuwa limalowa anthu a ku Ntaja atagona kale, ananenetsa kuti, "Mwana wanga asanamasule, pakhosi panga sipadutsa kanthu." Ndipo ankadikiradi tsiku ndi tsiku, mpaka Rukiya aimbe foni kuti lalowa.

Tsopano dzuwa linali pachingwe.

Anapita kwa Mayi Solveig, amene ankamuyang'anira pantchito. Anali munthu wabwino mtima koma woiwalaiwala. Tsiku lililonse ankamuthirira khofi, kenako n'kukumbukira, n'kupepesa, n'kumwa okha makapu onse awiri. M'malotomo anali atazunguliridwa ndi makapu mpaka m'mawondo.

"Mayi, ndikupempha chilolezo choti ndimasule dzuwa," anatero Rukiya.

"Dzuwa limenelo tinalidikira nyengo yonse ya mdima," anayankha Mayi Solveig mwaulemu. "Sitingalimasule. Koma ngati mwatopa, kapumeni m'chipinda chozizira."

Apa mpamene Rukiya anaona kuti chingwe chija sichinathere pathanki. Chinazungulira chitsulo, n'kutsikira pansi, n'kulowa kunsi kwa chitseko cha chipinda chozizira chimene ankasungiramo mazira a nsomba. Anachitsatira, natsegula chitsekocho, ndipo anapezeka pakhonde la kwawo ku Ntaja.

Kunali kachisisira. Adhana ya magharibi, yoitanira anthu kumapemphero dzuwa likalowa, inali itamveka kale, ndipo kwa aneba kunkamveka mbale zikutsukidwa. Mudzi wonse unali utamasula. Koma pamkeka pamene anakhala mayi ake panali masana. Dzuwa la ku Norway, loyera ndi losatentha, linkawaunikira iwo okha, mozungulira ngati lichero. Chingwe chija chinathera pamkono pawo.

Patsogolo pawo panali kapu ya madzi ndi mbale yovundikira ya futali, mbatata zotendera zimene ankamasulira chaka chilichonse. Futaliyo inali itadikira mpaka kuphuka, moti kholowa ankatuluka kunsi kwa chivundikiro n'kumayanga pamkeka. Mayi ake anali atachepa thupi, milomo itayera.

"Amama, idyani," anatero Rukiya.

"Lalowa?"

"Silinalowe."

"Basi, tidikira," anatero mayi ake, namumwetulira.

Kumwetulirako kunamupweteka Rukiya kuposa njala yake yonse. Anakwiya nawo mayi akewo, ndipo anawamvera chisoni nthawi yomweyo, osadziwa choyamba n'chiti.

Kumapeto kwa khonde kunali bambo ake, Che Bwanali, telala amene anamwalira Rukiya ali kusekondale. Anakhala pamalo awo akale pafupi ndi makina osokera, magalasi ali pamphuno, akuyeza nsalu yoyera ndi mkono.

"Ababa, nsaluyo ndi ya ndani?"

"Ndi sanda, nsalu ya maliro a mayi ako," anayankha osadzutsa mutu. "Ndauzidwa kuti ndiyeze. Zodula sindinauzidwe."

Rukiya anagwada pamkeka n'kugwira mfundo ya pamkono pa mayi ake. Anaizindikira. Inali mfundo imene anaphunzira pantchito sabata yoyamba, yomangira khoka, imene ukamakoka mpamene imalimba. Anayesa ali ndi magolovesi, zala zinaterera. Anawavula n'kuyesa ndi zikhadabo, koma akakoka pang'ono mayi ake ankachepera pomwepo, mpaka mpango unayamba kuwakulira kumutu.

"Ukuvutika chabe," anatero bambo ake. "Mfundo imeneyo sinamangidwe ndi zala. Inamangidwa ndi pakamwa, ndipo idzamasulidwa ndi pakamwa."

Rukiya anaweramira pamkonopo n'kuluma chingwe. Chinali cha mchere. Analavula msanga, kuopa kuti angameze n'kuwononga swaumu yake, kusala kwake kwa tsikulo, ndipo atalavula anachita manyazi kuti pa nthawi ngati imeneyo ankaganizabe za swaumu yake.

"Sindinati mano," anatero bambo ake.

Apo Rukiya anamva chimene ankatanthauza. Anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali pomwepo, lathunthu, losaphethira.

"Ababa, munandiphunzitsa ndinu kuti womanga sanama."

"Ndinakuphunzitsadi."

"Nanga nditani?"

"Ine ndine telala chabe," anatero Che Bwanali. Anayala nsalu ija pamaondo, natsegula kabati ya makina, natulutsa sizasi. Anaipukuta pamalaya pang'onopang'ono monga ankachitira asanadule nsalu ya munthu.

Sizasiyo inatseguka, ndipo inalira ngati foni.

Rukiya anadzidzimuka. Anali m'chipinda chake kuhositelo, atagona chodutsa pabedi, yunifolomu ya kuntchito ikadali m'thupi, ikununkha chakudya cha nsomba. Pawindo kunali kowala ngati masana. Panja ana ankasewera mpira, ndipo dzuwa linali pamwamba pa madenga, lisakuonetsa n'komwe maganizo olowa. Foni inkalira patebulo pafupi ndi kambale ka zipatso za tende zimene ankamasulira.

Anali mayi ake. Mawu awo ankatuluka mochedwa, lilime likulemera.

"Rukiya, mwanangu. Ndimati mwina waiwala kuimba. Mutuwu ukungozungulira pang'ono, koma si kanthu. Lalowa?"

Rukiya anaimirira. Analiyang'ana dzuwalo mpaka maso anatuluka misozi. Kenako anakoka katani.

"Lalowa, amama. Masulani."

Anamva "Bismillah" wotsika, kapu ikugunda mano, madzi akudutsa pakhosi. Anamva chivundikiro cha mbale chikuikidwa pansi. Anamvetsera mayi ake akutafuna.

"Nanga iwe ukumasulira chiyani kumeneko?" anafunsa mayi ake, mawu atayamba kubwerera.

"Futali, amama."

"Kwa azungu kuli futali?"

"Iliko."

Mayi ake anaseka, namudalitsa, nadula foni.

Rukiya anakhala pamphepete pa bedi. Tende sanazikhudze. Ankadziwa kuti mawa mayi ake adzafunsanso, ndipo iye adzakokanso katani. Kunsi kwa kataniyo dzuwa linkalowabe m'chipindamo, ndipo linafika pamapazi ake.