Mtengo wa Khoma la a Benedicto

Mwamuna wanga Vincent amadziwa makina, koma mitengo ndimaidziwa ndine. Mukamusiya yekha, munthu angomuuza kuti "achimwene, zinthu zavuta," iye atsuka lole yonse pa mtengo wa botolo la thobwa, n'kubwera kunyumba akumwetulira. Choncho chibwerereni makina athu opopera madzi kuchokera ku Chipata mu 1996, tinagawana ntchito. Iye amagwira paipi, ine ndimagwira pakamwa.

Kawerengedwe kanga kanali kosavuta. Ndinkayang'ana chinthu n'kuona kuti chimwa madiramu angati a madzi, poti madziwo ndiwo ankadya ndalama: ngolo yokatunga ku mjigo, kenako petulo wa injini. Lole ya fodya inali madiramu awiri. Thiraki ya pa boda yobwera ndi matope a ku Zambia, anayi. Khonde la sitolo, limodzi. Anthu a pa boma pa Mchinji ankati ine Dyna ndine wouma mtima, koma sanasiye kubwera.

Tsiku lina m'mwezi wa Seputembala kunabwera amayi achikulire, a Esitele, ochokera kufupi ndi Kachebere. Anali ndi mwana wawo wamkazi Luwiza, mtsikana wamtali wosaseka, amene ankaoneka kuti wachita kukokedwa.

"Amake mwana," anatero a Esitele kwa ine, "khoma mumatsuka ndalama zingati?"

"Lalikulu bwanji?"

"Ngati mbali ya basi."

"Madiramu awiri," ndinayankha osaganiza n'komwe.

Iwo anapukusa mutu. "Simunamve bwino. Dikirani ndikuuzeni chimene chili pakhomapo."

Anatifotokozera. Amuna awo, a Benedicto, anali mmisiri wolemba zikwangwani. Atamanga kagolosale kawo m'mbali mwa msewu, anajambula pakhoma lakutsogolo chithunzi cha iwo eni ndi mkazi wawo, ndi penti wa mafuta. Anthu ankaima kudzaonerera. Kenako kunabwera anyamata a chipani cha nthawi imeneyo, n'kunena kuti m'dziko muno nkhope yoyenera kuonekera pakhoma ndi imodzi yokha, ndipo si ya a Benedicto. Anawalamula kufufuta. A Benedicto anatumiza mkazi wawo kwawo ku Kapondo kuti akabisale kaye. Pobwerako a Esitele anapeza khoma lili mbuu ndi laimu, amuna awo atawoloka kale malire kudzera m'tinjira ta m'minda. Anamwalira komweko ku Zambia. Luwiza anabadwa bambo ake atapita, ndipo chithunzi chawo cha pa pepala panalibe ngakhale chimodzi.

"Chaka ndi chaka ndinkawonjezera laimu, kuopa kuti angatulukire," anatero a Esitele. "Tsopano nyumbayo ndabwereketsa kwa a Abbasi, ndipo akufuna kumata simenti. Mwanayu aone kaye nkhope ya bambo ake."

"Amayi, munthu amene anathawa osayang'ana m'mbuyo ndimuonerenji?" anatero Luwiza akuyang'ana kumbali.

Lole ndimaidziwa mtengo wake, koma nkhope ya munthu ndinali ndisanaitchulirepo mtengo. Komabe ndine Dyna, sindikanabweza mawu pamaso pa kasitomala. Ndinati madiramu awiri omwewo, nkhope ituluke kaya isatuluke. A Esitele anavomera.

Tinafika Loweruka m'mawa, makina ali pa ngolo. Khomalo linali loyera motuwa, lokhakhala ngati khungwa la mtengo, laimu wa zaka zoposa makumi awiri atasanjikizana. Vincent analiza injini ndipo ana ndi akulu omwe anathamangira phokosolo. Kwa ambiri kanali koyamba kuona madzi akutuluka m'paipi ndi ukali wotere.

Apa m'pamene panalakwika. Manja a Vincent anazolowera malole. Anayandikira khoma monga amayandikirira matayala, n'kulasa madzi m'munsi, cha kumanja. Laimu anachoka ndithu. Koma limodzi ndi laimuyo panamatuka chigamba cha pulasitala chachikulu ngati mbale, n'kugwa pansi phwa! Njerwa zofiira zinaonekera. Pa zidutswa zimene zinagwazo panali penti wakuda wonyezimira.

A Esitele anagwada n'kutola kachidutswa kamodzi. "Iyi ndi nsapato yawo," anatero motsitsa mawu.

Vincent anazimitsa injini. Nkhope yake inagwa moti ndinamumvera chisoni, ine amene sindichedwa kumukalipira. Pulasitala wa kale uja anali wa mchenga wambiri, simenti ya dzina lokha. Kupitiriza choncho kukanakhala kuwapha a Benedicto kachiwiri, mkazi wawo akuona.

"Dyna," anandinong'oneza, "ndikaima patali, madzi azifika ngati mvula yowaza, laimu afewa yekha. Koma madiramu awiri sangakwane. Ngakhale asanu."

Mutu wanga unayamba kuwerenga wokha, sumachita kuuzidwa. Petulo amene tinali naye anali wa ntchito iyi ndi wa mathiraki awiri a mawa lake. Ndinayang'ana a Esitele, kachidutswa kaja atakafumbata pachifuwa.

"Imani patali," ndinatero. "Za mawa tiziona mawa."

Anabwerera m'mbuyo mpaka pafupi ndi msewu, n'kuloza paipi m'mwamba. Madzi ankagwera pakhoma mofatsa, ndipo dzuwa linapanga utawaleza pamwamba pa mitu yathu. Kwa nthawi yaitali panalibe chochitika. Anthu ena anayamba kuseka. Kenako laimu anayamba kulira misozi yoyera, kutsetsereka pang'onopang'ono, kudzaza ngalande ngati mkaka.

Madiramu athu anatha khoma likadali loyera. Ndisanatsegule pakamwa, mayi wina anatsitsa ndowa yake pamutu n'kukhuthulira m'diramu. Wina anachita chimodzimodzi. Posakhalitsa panali mzere wa amayi kuchokera ku mjigo mpaka pa makina, palibe amene anawatuma, palibe amene anafunsa za malipiro. Inenso ndinamanga chitenje n'kubwereka ndowa. Amene amandidziwa pa boma sangakhulupirire, koma ndinatunga.

Dzuwa litapendeka, pamwamba penipeni panaoneka mtundu wobiriwira. Munthu wina anakuwa kuti, "Taonani, masamba!" Unali mtengo wa mango. M'munsi mwake munatuluka duku lofiira, kenako mphumi, kenako maso awiri a mtsikana wa masaya odzaza.

"Ndi a Esitele!" anafuula agogo ena. "Ee, mayi inu munali chiphadzuwa!"

Anthu anaseka, koma kusekako sikunakhalitse. Kumanja kwa mtsikanayo laimu ankapyapyala, ndipo kuseri kwake kunkaoneka chinthu ngati munthu amene akubwera m'nkhungu. Choyamba chipewa. Kenako makutu otambalala. Kenako nkhope yonse inangotulukira, yonyowa, yowala, penti ali ngati wapakidwa dzulo. Mwamuna wa mpata kumano, akumwetulira ngati wangomva nkhani yabwino.

Amuna achikulire anavula zipewa. Ndakhala ndikupita kutchalitchi moyo wanga wonse, ndamva za kuuka kwa akufa kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinaima ndi ndowa m'manja n'kuona munthu akutuluka m'khoma. Ndinachita mantha, komanso sindinkafuna kuphethira.

"Benedicto," anatero a Esitele, ngati akuitana munthu amene ali kuseri kwa nyumba.

Luwiza anali ataima kumbuyo kwa anthu, manja atapinda. Anayang'ana nkhopeyo, n'kukweza dzanja kugwira khutu lake. Makutuwo anali omwewo. Komabe sanasunthe.

Vincent anatsitsa madzi kuti amalize m'munsi. Jekete linaoneka, kenako manja. Ndipo m'manjamo munali kanthu kokulungidwa m'nsalu yachikasu. Penti wa pamenepo anali wosiyana, wokhuthala, wopakidwa mofulumira pamwamba pa jekete. Laimu womaliza atatsetsereka, tonse tinaona kamutu kakang'ono ndi kadzanja kofumbata. A Benedicto anali atanyamula khanda.

A Esitele anakhala pansi m'matope momwemo.

Injini inatsokomola n'kuzima yokha, petulo atatha. Luwiza anadutsa pakati pa anthu, nsapato zake zikumira m'madzi oyera aja, mpaka anafika pakhoma. Sanakhudze nkhope ya bambo ake. Anakhudza kadzanja kaja.

A Esitele anandikodola, akumasula mfundo ya pa chitenje. "Amake mwana, madiramu apita ambiri. Nenani mtengo weniweni."

"Awiri," ndinatero. "Ndipo nsapato ija tichotserapo."

Vincent anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Mathiraki a mawa lake anapita kwa anyamata otsuka ndi ndowa, ndipo sabata imeneyo kwathu tinadyera masamba okhaokha. Mpaka lero wina akandifunsa mtengo wa khoma, ndimayamba ndafunsa chimene chili pansi pake. A Abbasi nawo simenti yawo anakamata kumbuyo, khoma lakutsogolo sanaligwire.

Koma zimene sindiiwala ndi zimene ndinamva tikumanga makina pa ngolo. Luwiza anatembenuka, nkhope ili yonyowa, n'kufunsa mayi ake:

"Amayi, bwanji simunandiuzepo kuti anandijambula?"

"Pamene ndinkapita ku Kapondo, manja amenewo anali opanda kanthu," anayankha a Esitele, maso ali pakhoma. "Khandalo analijambula nditachoka kale, asanapake laimu."

"Ndiye kuti ankadziwa za ine?"

A Esitele anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwana wanga, ine ndinali ndisanawauze n'komwe."