Mazira a Amayi a Mvano

Kabokosi kofungatira mazira ndinakapeza kakulira pamene ndimachokera kudimba, Lachisanu cha kumasana. Ndinaponya khasu pakhomo n'kulowa. Kanyali ka pa kontrola ya sola kanali kofiira, kusonyeza kuti batire latha, chonsecho kunja dzuwa linali likuswa mtengo.

M'kabokosimo munali mazira makumi anayi, ndipo sanali anga ndekha. Mayi aliyense wa Mvano kumpingo kwathu anabweretsa awiri kapena atatu. Anasankha nyumba yanga chifukwa ndine ndinali ndi sola. Panatsala masiku awiri kuti anapiye aswe. Manambala a kutentha amayenera kukhala pa 37, koma anali atatsika pa 35.

Ndinazula wailesi ndi foni pa sola, kabokosi ndinakafunditsa bulangete, n'kuimbira a Bakili. Iwo amakonza mafoni pa Milepa, ndipo ndi amene anandilumikizira solayo.

"Mayi a Tawina, ndili pakhomo pa mzikiti," anatero. "Ndikangotuluka ndibwera. Musatsegule kachitseko kake ngakhale pang'ono."

Ndinakhala pamkeka kuyang'ana manambala aja. Anafika pa 34. Ndinapemphera mawu ochepa, omwewo kubwerezabwereza. Achemwali anga a Lydia, amene nyumba yawo ili kuseri kwa yanga, anabwera ndi mbatata yootcha, naisiya pambali panga osafunsa kanthu.

A Bakili anafika pa njinga akadali mu mkanjo wawo wa kumzikiti. Anayeza batire ndi kamita kawo, anagwedeza mawaya onse, anasuzumira madzi a m'batire.

"Batire lilibe mlandu. Lakhala likugona ndi njala. Mwaonjezerapo chiyani, wailesi yakanema?"

"Ayi ndithu."

"Panelo munaipukuta liti?"

"Lamulungu lapitali."

Anayeza waya wochokera kudenga. Kenaka anapempha makwerero. Panelo ili kuseri kwa denga, mbali ya kwa achemwali, kumene sindionako ndikaima pabwalo. Ndinamva malata akulira, ndiye zii. Anatsika atanyamula lichero la mfutso wa chitambe.

"Ndiwo za ndani izi?"

Achemwali anagwira pakamwa. "Ndi zanga, bambo. Pansi mbuzi zimandidyera. Pamalata lichero limatsetsereka, koma pagalasipo limakhazikika, ndiponso pamatentha bwino. Koma ndimaika pangodya pokha. Kwina konseko ndimasiya."

"Kuyambira liti?"

"Lolemba. Madzulo ndimachotsa."



A Bakili anapatsa achemwali lichero lija ndi manja awiri. "Ine ndine amene sindinanene kuti ngodya imodzi ikaphimbika, panelo yonse imafooka. Timagalasi timeneti timapatsirana moto ngati anthu opatsirana njerwa pamzere. Mmodzi akaima, onse aima." Anayang'ana kumwamba. "Vuto ndi ili: dzuwa latsala la maola atatu. Batire silidzadza, ndipo kuzizira kwa Juni mukukudziwa. Pofika m'bandakucha kabokosi kadzakhala katazima."

"Ndiye titani?"

Anaimbira wakabaza wina, kumuuza kuti akatenge batire ndi panelo za kushopu kwawo, ndi waya wonenepa uja uli pansi pa tebulo.

"Nanga mafoni a anthu amene mukutchaja?" ndinafunsa.

"Mafoni sazizidwa, mayi."

Wakabaza anachedwa. Manambala anakwera pa 35, nabwereranso pa 34 mtambo utadutsa. Achemwali anaima pamsewu, dzanja pachipumi, mpaka anakuwa kuti akubwera.

A Bakili anazimitsa zonse, nayamba kulumikiza batire lawo ku kontrola, kenaka mapanelo awiriwo. "Wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Batire limayamba, panelo pambuyo. Mukasemphanitsa, kontrola yapsa." Ine ndinkagwira mawaya, achemwali makwerero. Kabokosi kanakhala kozima mphindi khumi.

Kanyali kanasanduka kobiriwira. Dzuwa lisanalowe manambala anafika pa 37.

"Apulumuka?" anafunsa achemwali.

"Zimenezo kamita kanga sikayeza," anatero a Bakili, akupinda mkanjo kuti akwere njinga. "Sabata yamawa tidzakweza panelo yanu pa mtengo wautali, ndipo muyambe kuganiza za panelo yachiwiri."

Lamulungu m'mawa dzira loyamba linang'aluka. Pofika Lolemba madzulo tinawerenga anapiye makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Mazira otsalawo ndinawadikira tsiku lina lathunthu, koma sanagwedezeke.

Lachinayi ku Mvano ndinaimirira n'kunena kuti sola yanga inafooka, mazira anazizidwa maola angapo, ndipo khumi ndi awiri anafa. Achemwali anafuna kudzuka kuti aulule za lichero lija, ndinawagwira chitenje. Amayi anakambirana pang'ono, nagwirizana kuti anapiyewo tiwalere pamodzi mpaka atamera nthenga, ndipo pogawana pasadzapezeke wobwerera chimanjamanja.