Akaunti ya Malemu Chirambo

Bambo wina anafika Lolemba m'mawa, m'kuzizira kwa mu Juni, atavala jekete yotuwa. Sanagogode. Anangolowa mu ofesi ya makompyuta ya pakolejipo n'kukhala pampando wa pazenera ngati munthu wozolowera.

Edna Chirambo anali yekha mu ofesimo. Anamupatsa moni wa m'Gaborone, "Dumela rra," koma mlendoyo anamwetulira n'kuyankha m'Chichewa kuti Setswana chimenecho chikununkhira Ntcheu. Edna anaseka mokondwa. Chimwalirireni mwamuna wake Ambrose, miyezi isanu ndi itatu yapitayo, panalibe womuyankhula Chichewa kuntchito. Ngakhale mwana wake Hazel ankangomuyankha m'Setswana.

Mlendoyo anati ndi Justus, mphunzitsi watsopano, ndipo kalata yake ya ntchito inali isanasainidwe. Anapempha akaunti yolowera m'makompyuta a pakolejipo kuti ayambe kukonzekera maphunziro.

Pakolejipo panali mapulogalamu awiri. Ina inali kaundula, wosunga mayina a antchito onse ndi zimene aliyense amaloledwa kutsegula. Ina inali ya matikiti, momwe anthu ankalembamo zopempha zawo kwa a makompyuta. Mapulogalamu awiriwa sankadziwana. Kuti atsimikize dzina la munthu, Edna ankayenera kukwera masitepe kupita ku ofesi yolemba antchito n'kukadikira. Tsikulo sanakwere.

"Musadandaule achimwene, ndife amodzi," anatero, n'kumutsegulira akauntiyo.

Lachitatu bamboyo anabweranso, koma osamwetulira. Anaika pepala patebulo. Linali ndi mayina makumi atatu a anthu amene anachoka kale pakolejipo koma maakaunti awo anali chitsegukire. Dzina limodzi analizungulira ndi cholembera chofiira: Ambrose Chirambo. Akaunti ya malemuyo inalowedwa Lachisanu lapitalo, ndipo inasintha malikisi a ophunzira asanu ndi mmodzi.

Apa m'pamene anaulula kuti sanali mphunzitsi. Akuluakulu a koleji anamuitana mwakachetechete kuti afufuze, ndipo ankafuna lipoti pasanathe sabata.

Edna anaona zimene akanataya. Ntchito ikanatha, chilolezo chake chokhala m'dzikomo chikanathera pomwepo, Hazel n'kusiya sukulu pakati pa chaka. Komanso dzina la Ambrose, munthu amene anaphunzitsa pakolejipo zaka khumi popanda banga, linali litagwera m'matope iye ali m'manda.

"Mayi Chirambo, munkadziwa kuti akauntiyi ndi yotsegula?"

Edna anayang'ana fumbi lomwe linkauluka panja. Kenako ananena chimene anali asanauzepo munthu. Ambrose atamwalira, a ku ofesi yolemba antchito analemba m'kaundula kuti wamwalira, koma tikiti yotseka akaunti sinabwere. Iye anaona, n'kukhala chete. Nthawi ya nkhomaliro ankalowamo n'kumawerenga timakalata timene ankalemberana. Tambiri tinali ta mawu awiri okha: "Ndili pageti."

"Koma malikisi sindinawakhudze, achimwene. Ndikanayamba bwanji, pa dzina la bambo a Hazel?"

Bamboyo anafunsa za pasiwedi, mawu achinsinsi olowera mu akauntiyo. Edna anayankha motsitsa mawu kuti inali dzina la mwanayo ndi chaka chimene anabadwa. Onse awiri anadziwa kuti aliyense amene anabwera pamaliro akanatha kuilota.

"Simunabe, koma munasiya chitseko chosakhoma," anatero bamboyo. "Ndipo ine munanditsegulira chifukwa cha Chichewa basi. Tiyeni tikonze zoti chisoni kapena chibale chisamasankhenso wolowa."

Anagwira ntchito limodzi masiku atatu, kulumikiza kaundula ku pulogalamu ya matikiti. Bamboyo anaumirira kuti anthu azizindikiridwa ndi nambala yawo ya ntchito, osati dzina. Anamuonetsa kuti Edna yemweyo anali Chirambo m'kaundula, koma m'matikiti anali Nachisale, monga ankamuitanira mwamuna wake. Anakonza kuti pempho lililonse la akaunti lizifufuzidwa kaye m'kaundula, kenako lizivomerezedwa ndi mkulu wa dipatimenti. Anakonzanso kuti munthu akangolembedwa kuti wachoka kapena wamwalira, tikiti yotseka izituluka yokha. Poyamba anayesera pa anthu asanu okha. Nambala imodzi inakana, n'kupezeka kuti inalembedwa molakwika, ndipo anaikonza asanapitirire.

Madzulo aliwonse Edna ankakwera kombi, minibasi yopita kwawo ku Mogoditshane. Ankadzipeza akuganizira mawu ofatsa a bamboyo, kenako n'kudzida chifukwa chowaganizira.

Pofufuza, anapeza kuti malikisi aja anasinthidwira pakompyuta ya mulaibulale, pa ola limene Edna anali pamsonkhano pamaso pa anthu khumi. Wolakwa anali kalaliki wina, ndipo anavomera. Edna analandira kalata ya chenjezo. Ntchito inatsala, dzina la Ambrose linayera, koma iye sanapeze mphamvu zosangalalira.

Lachiwiri lotsatira anayatsa kulumikizana kuja kwa koleji yonse. Matikiti makumi atatu anatuluka okha, motsatizana. Yoyamba inali yakuti atseke akaunti ya Ambrose Chirambo.

Bamboyo anali atapempha kale chilolezo kwa akuluakulu kuti timakalata ta Edna ndi Ambrose tisindikizidwe papepala. Anapatsa Edna envulopu ya timakalatato n'kupita kukaima pazenera, atamufulatira. Edna anagwira mausi ya kompyuta kwa nthawi yaitali. Kenako anadina. Dzina lija linazimiririka pakompyuta popanda phokoso lililonse.

Patapita kanthawi kunatuluka tikiti ina, yofiira. Inkati munthu wotchedwa Justus mulibe m'kaundula, ndipo akaunti yake yatsekedwa.

"Mwaona?" anatero bamboyo. "Aliyense wolowa akhale wodziwika, wochoka atsekeredwe tsiku lomwelo. Mapulogalamu awiriwa akamauzana, palibe amene adzasenzenso yekha zimene mwasenza inuzi."

Anatenga jekete yake. Ntchito yake inali itatha, ndipo basi yake inkanyamuka masana omwewo. Edna anapukuta m'maso n'kumuuza kuti sangatseke tikiti yomaliza ya ntchitoyo popanda dzina la amene waigwira, ndipo ulendo uno aonetse chiphaso.

Bamboyo anaseka pang'ono, koyamba chiyambire Lachitatu lija. Anaika chiphasocho patebulo. Edna anachiwerenga kawiri, anayerekeza nambala ndi ya m'kaundula wa alendo a pakolejipo, kenako analemba pang'onopang'ono dzina lenileni la bamboyo.

Walusungu Nyasulu.