Mabatani Osalala

Laputopu yakale ya Anti Liwiro anaichotsa pa desiki eni ake asanafike. Atalowa mu ofesi m'mawa n'kugwira pamalo pake, zala zawo zinakumana ndi kanthu kopyapyala, kozizira.

"Mwaiona, Anti?" anatero Mawaya, mkulu wokonza makompyuta pa ofesi ya maloya pomwe Anti ankagwira ntchito yotayipa, akuseka ngati wagula ndi ndalama zake. "Ija inatopa. Iyi ndiye ya masiku ano."

"Nanga yanga ili kuti?"

"Yapita kale. Abwana alamula kuti zakale zonse zichoke."

Chimene Mawaya sankadziwa, ndipo panalibe wina amene ankachidziwa kupatula amuna awo a Anti, n'chakuti maso a Anti anali akupita. Pakati pa diso panabwera chifunga, ndipo chinkangokulirakulira. M'mbali ankaona ndithu chitseko, mthunzi wa munthu, kuwala kwa sikirini, koma zilembo ayi. Magalasi ankangovala kuti anthu asafunse. Ntchito yonse inkagwiridwa ndi zala, ndipo zalazo ndi zomwe zinawapatsa dzina loti Liwiro, chifukwa munthu asanatseke pakamwa iwo amakhala atamaliza kutayipa.

Koma zala nazo zimafuna pogwira. Mabatani a laputopu yakale anali aatali, okumbika pakati, moti chala chikagwerapo chinkadziwa kuti chafika kwawo. Pa F ndi pa J panali timizere totumphuka, pomwe munthu amaika zala asanayambe. Atsopanowa, eee! Afulati, osalala, onse ofanana, ukadina osamva n'komwe kuti wadina. Timizere tinalipo, koma tochepa kwambiri moti nsonga za zala za Anti, zomwe zinauma kalekale pa makina otayipira achitsulo, sizinkatimva. Amene anapanga zimenezi ayenera kuti sanatayipepo tsamba lathunthu chibadwire.

Anti anachita mantha, mantha enieni. Bwana loya anali munthu woti wantchito akangotsokomola kawiri, amayamba kufunsa kunja ngati kuli wina wofuna ntchito.

Ataweruka ananyamula laputopu ija kupita nayo kunyumba. Amuna awo, omwe ankasoka nsapato, anaitembenuzatembenuza, kenako anatenga guluu wawo n'kudontheza kadontho pa F, kena pa J. Titauma, timadontho tija tinali ngati njere za mchenga.

"Koma amayi, bwanji osangowauza?" anafunsa.

"Ndiwauze chiyani? Kuti wotayipa wawo saona? Inu mukuwadziwa anthu aja?"

Amuna aja anangotseka botolo la guluu.

Kwa masiku angapo zinthu zinayenda. Zikhatho zinkawawa, chifukwa mabatani osalowa pansi amabweza chala ngati ukugogoda pa simenti, koma masamba ankatuluka oyera, opanda cholakwika. Anti anayambanso kugona tulo.

Kenako linafika tsiku la dalaivala. Anali dalaivala wa lole yemwe anaona ngozi ina ikuchitika, ndipo mlandu wa bwana loya unkadalira mawu ake. Anavuta kumupeza, ndipo anabwera atanena kale kuti lole yake ili panja ndi katundu, sachedwa. Anti akuchokera kokasamba m'manja anakumana ndi Mawaya pakhomo la chipinda cha misonkhano.

"Ndakuikirani kale pa tebulo, Anti. Ndakupukutiraninso. Panali zonyansa zina zinamatirira pa mabatani, ndachita kupala ndi lezala. Muzisamala podya."

"Zikomo," anatero Anti.

Anakhala pansi. Anayendetsa zala pa kiyibodi pang'onopang'ono, ngati akuchotsa fumbi. Panali see, paliponse chimodzimodzi. Akanatha kuwerenga mabatani kuchokera kumphepete, koma bwana loya anali atayamba kale.

"Tiyeni, Anti, bambowa akufulumira. Bambo, yambani."

Anti anaika zala pomwe mtima unawauza, ndipo dalaivala anayamba kulankhula. Ananena za mvula ya tsikulo, za galimoto yofiira yomwe inamudutsa pa kona, za phokoso lomwe anamva asanaone kanthu. Zala zinathamanga monga mwa nthawi zonse. Koma china chake sichinali bwino. Kachala kakang'ono ka kumanja kankafika msanga pa batani lalikulu, pomwe sikankayenera kufika. Anti anafuna kuima, koma dalaivala anali atafika pa mwana yemwe anamutulutsa m'galimoto, mawu ake akunjenjemera, ndipo munthu wotere sumudula pakamwa. Anapitiriza.

"Ndi zomwezo," anamaliza dalaivala.

"Tiwerengereni, Anti, amve ngati zili bwino," anatero bwana loya.

Anti analoza nkhope pa sikirini, n'kukonza magalasi. Mutu wawo unali usanawakhumudwitsepo. Ananena zonse kuyambira pa mvula mpaka pa mwana, mawu ndi mawu, ngakhale pomwe dalaivala anabwereza. Dalaivala ankangogwedeza mutu.

"Mayiwa ndi makina," anatero. "Sanasiye kanthu."

Mtima wa Anti unakhala pansi. Mwina kachala kaja kankangowanamiza.

"Tulutsani pa pulintala asayine," anatero bwana loya.

Pulintala inalira pakona. Bwana loya anapita yekha kukatenga mapepala, ndipo Anti anamva nsapato zake zikubwerera, kenako zinaima pakati pa chipinda. Pepala linatembenuzidwa, linanso, linanso.

Mpando wa dalaivala unakwekwereka. "Bwana, chimenechi n'chilankhulo chanji? Palibe liwu ngakhale limodzi lomveka apa."

Apa Anti anadziwa. Manja onse awiri anali atatsetserekera batani limodzi kumanja, kuyambira pa liwu loyamba.

"Tadikirani panja pang'ono, bambo," anatero bwana loya.

"Ine ndiye ndikupita. Nkhani imeneyi sindingaibwerezenso, yandikwana." Chitseko chinatsekeka.

Bwana loya sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawaopsa kwambiri Anti. Anayenda pang'onopang'ono n'kudzaima patsogolo pawo penipeni, pomwe pamakhala chifunga chija.

"Anti, zimene mwatiwerengera zija mumaziwerenga pati?"

"Pa sikirini, bwana."

"Pa sikirini."

"Ndi mabatani atsopanowa, bwana. Amaterera. Mukandibwezera yakale ija..."

"Tandiyang'anani, Anti. Ndakweza zala zingati?"

Anti anatong'ola maso mpaka misozi inalengeza. M'mbali ankaona zenera ndi kabati ya mafayilo. Pakati panali chifunga chokhachokha. Anaganiza za amuna awo atawerama pa nsapato za eni.

"Zitatu, bwana."



"Manja anga onse ali m'thumba, Anti."