Rauta Yozimitsidwa pa Sabata

Emmy atabwera kuchokera kutchalitchi Loweruka masana, anaima pakhomo la khola n'kugwira pakamwa. Nkhuku zake zinali mbwee pansi, theka zitafa kale. Dzuwa la Okutobala linali litawotcha malata a ku Chelstone tsiku lonse, koma mafani oziziritsa kholalo anali zii.

Mtima unamupweteka kwambiri. Nkhukuzo ndizo zinkadyetsa banja chichotsedwereni ntchito mwamuna wake, Nicodemus. Ndipotu mlungu womwewo anali atangoika kasensa koyeza kutentha, kamene kamauza swichi kuti iyatse mafani popanda munthu.

"Banatigulisa vinthu vafeki!" anakalipa Nicodemus, hamala ili m'manja kuti aphwanye kasensako.

Lena, neba wawo wodziwa zamagetsi, anasuzumira pampanda. "Ba Nico, imani! Rauta yanu ya intaneti inali yoyaka lelo?"

"Awe. Timazima pa Chisanu zuba ikangena. Bana bafunika kusunga Sabata, osati kunkala pa foni."

"Ndiye vuto iyo. Aka kasensa kamakamba na swichi kupitila mu rauta. Kanakuwa kuti kwapya, manje kulibe wamene anamvela."

Nicodemus anatsitsa hamala pang'onopang'ono. Emmy anasowa womukalipira, pakuti lamulo lozimitsa rauta dzuwa likalowa Lachisanu analipangira limodzi. Mawa lake anakumba dzenje lokwirira nkhuku zakufazo kuseri kwa nyumba, wina osayang'ana mnzake.

Madzi akatayika saoleka, koma nkhuku zotsalazo zinkafunabe mphepo. Lena analumikiza rauta ku batire kuti magetsi akathima isazime, n'kutchera foni ya Emmy kuti izilira kasensa kakangokhala chete. Anawaonetsanso kayesedwe kake: kuyandikiza kapu ya madzi otentha pa kasensako n'kuona ngati mafani ayaka.

"Muziyesa pa Chisanu paliponse," anatero. "Mafoni ya bana sungani mu dilowa. Rauta isiyeni."

Sabata lotsatira kunatentha koposa. Emmy anakhala m'tchalitchi thupi lokha, ulaliki osalowa. Pobwerera, asanatsegule n'komwe geti, anamva mafani akulira. Mbali ina ya khola inali pululu, koma nkhuku zotsalazo zonse zinali zamoyo, ndipo misozi inalengeza m'maso mwake.

Makina amene amauzana zochita okhaokha amadalira njira imene uthenga umadutsamo. Njirayo ikaduka, ntchito imaima mwakachetechete. Musanazimitse chipangizo chilichonse pakhomo, funsani kaye kuti n'chiyani chikudalira chimenecho.