Timadontho pansi pa nambala yachitatu

Abambo a mapasa anakhala patebulo kuyambira m'mawa, magalasi ali pamphuno, laputopu ya mwana wawo wamkazi ili patsogolo. Mawa lake ankayenera kukagonekedwa kuchipatala kuti akawachotse ng'ala m'diso. Akazi awo, amene anafa ziwalo mbali imodzi, ankatsala m'manja mwa mng'ono wa mayiwo, ndiye bambowa ankamulembera mlamuyo zonse zoti azichita.

Nambala yoyamba, kudzutsa. Yachiwiri, kusambitsa. Yachitatu, mankhwala. Apa m'pamene panavuta. Pansi pa mankhwalapo ankafuna timadontho tolowa mkati pang'ono, kuti piritsi lililonse lionekere palokha. Koma akadina batani lotsikira mzere wina, kompyuta inkalemba nambala folo. Akafufuta foloyo, manambala a m'munsi ankayambiranso pa wani. Anayesa kukankha mawuwo ndi batani lalitali losiyira mpata pakati pa mawu, mizere n'kukhala yokhotakhota ngati mano a nkhalamba.

"Chinthu ichi n'chamwano," anadandaula, akusisita msana.

Masana anaimbira foni mwana wawo kuntchito.

"Dinani batani la Tab kaye, ababa, mzerewo ulowa mkati. Kenako musankhe timadontho pamwambapo. Pobwerera ku manambala mugwire Shift ndi Tab. Ndili pamsonkhano."

Zinathekadi. Koma atangodziwa njira, dzanja silinaimenso. Pansi pa piritsi loyera anaika kadontho kena: amalilavula, muziliphwanya m'supuni. Pansi pa kusambitsa: muziyamba ndi mkono wakufawo, madzi asatenthe, samva kupsa. Timadontho tinabala tinzake mpaka tsamba linadzaza, lina n'kuyamba.

Mlamu uja anafika chakumadzulo ndi chikwama chake. Anaima kumbuyo kwawo n'kuwerenga pang'ono.

"Alamu, zonsezi? Ajatu ndi akulu anga. Tinkagona bedi limodzi inu musanawadziwe n'komwe."

"Ndikudziwa, alamu. Koma nthawi imeneyo ankadzitembenuza okha."

Mlamuyo anaika chikwama pansi, n'kukoka mpando.

"Werengani ndimve."

Bambowa anawerenga pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi galasi la kompyuta chifukwa diso linali litatopa. Mlamuyo ankangogwedeza mutu. Atafika kumapeto anafunsa, "Nanga akayamba kulira?"

Abambo a mapasa anavula magalasi. Anayang'ana manambala aja kwa kanthawi, osaona poti angaziike.

"Musawatonthoze, amakwiya. Muzingokhala pambali pawo, muwagwire dzanja lamoyolo. Amasiya okha."

"Zimenezo musalembe, ndamva." Anaimirira n'kunyamula chikwama chake. "Nanga inuyo chanu mwalongedza?"

Anali asanalongedze. Sankadziwanso kumene kunali thaulo lawo. Anasunga zolembazo, n'kutseka laputopu, ndipo anadzuka kukafunafuna masilipasi kunsi kwa bedi.