Mzere wachinayi wa amalume Osborne

Kutchalitchi kwathu ku Sparkhill, muno mu Birmingham, aliyense amaganiza kuti amalume Osborne ndi mpondamatiki. Akangomva kuti amayendetsa ndege, basi, maso tong'o, ena mpaka kumawapempha tikiti yaulere yopitira kumudzi pa Khirisimasi. Ine ndimangoseka chamumtima, chifukwa ine ndi amayi timakhala m'nyumba mwawo momwemo ku Aston, m'kachipinda kam'mwamba, ndipo zamkati ndimazidziwa zonse.

Ndege yawoyo si zija zikuluzikulu zopita ku Dubai kapena ku Addis ayi. Ndi kandege ka mafani awiri m'mapikomu, kongopita ku Belfast, kubwera, kupitanso, kubweranso, tsiku latha. Ndipo malipiro akewo, eee, musakambe. Mwezi umene anti Zelipa, akazi awo, agwira ma-shift owonjezera kuchipatala, ndiwo amabweretsa zambiri. Pepala lawo la malipiro ndinaliona ndekha. Silinali lobisa, linali pansi pa mbale ya zipatso.

Kutsogolo kwa ndege kumakhala anthu awiri. Wa kumanzere ndi kaputeni, mizere inayi paphewa. Wa kumanja ndi womuthandiza, mizere itatu. Amalume akhala kumanjako zaka khumi ndi chimodzi. Mzere umodzi wokha ndi umene ukusowa, koma akuti ukangoupeza malipiro amadumpha, ndiponso makampani akuluakulu amayamba kukuona ngati munthu. Iwo alemberako makalata osawerengeka. Onse amayankha ndi mawu amodzi omwewo, "unfortunately". Akuti zaka 47, ndege za mafani zokhazokha, ukaputeni sanaulaweko, ndani angatenge?

Tsono kampani yawo ili ndi lamulo lake: mayeso a ukaputeni umayesa kawiri kokha. Ukalephera kachiwiri, fayilo amatseka. Amalume analephera koyamba mu October, ndipo kwa miyezi itatu palibe anadziwa chifukwa chake. Ine ndinkati ndi tsankho. Mnzanga Nicole ankati ayi, ndi maso, akuti anawaona akutalikitsa buku la nyimbo kutchalitchi. Zoona zake ndinadzazimva Loweruka lina masana, amayi akundiluka tsitsi pabalaza. Amalume anangokhala pa sofa nkuyamba kufotokoza ngati ine ndi mpando.

Akuti mayesowo amachitikira mu simyuleta, chibokosi chachikulu cha miyendo yachitsulo, mkati mwake ngati ndege yeniyeni, ndi kugwedezeka komwe. Woyesedwa amamukhazika kumanzere ngati ndi kaputeni kale. Woyesayo amakhala kumanja nkumadzipusitsa, kumalakwitsa dala kuti aone ngati umudzudzula. Ndipo woyesa wawo ndi Kaputeni Martin, mzungu wa imvi mutu wonse mbuu, amene anayamba kuuluka amalume ali ku pulayimale.

"Ndiye atalakwitsa inu munaona, achimwene?" amayi anafunsa.

"Ndinaona pompo. Liwiro linali litatsika kwambiri."

"Munati chiyani?"

"Ndinati, Captain, I wonder if maybe we might look at the speed again, when you have a moment."

Amayi anasiya kuluka. "Nanga cholakwika n'chiyani? Munayankhula bwinotu, mwaulemu."

"Ndi chimenecho, achemwali. Akuti ndikanangoti, Speed! Ngati ndikupirikitsa mbuzi m'munda."

"Kwa munthu wa imvi?"

"Wa imvi. Akuti pamene ndimamaliza ulemu wangawo tinali titafa kale tonse."

Amayi anaseka mpaka kundikoka tsitsi. Koma anti, amene anaima pakhomo la kukhitchini atagwira chopukutira mbale, sanaseke olo pang'ono.

"Ine dokotala akalemba mankhwala olakwika ndimamuuza pomwepo, kaya ali ndi zaka zingati. Bambo a Michelle, mayeso achiwiri ali mu March. Muphunzira mwano. Kuyambira lero."

Ndiye sukulu ya mwano inatsegulidwa. Anti anamata chipepala chachikulu cha mabatani a ndege pakhoma, nkuika mipando iwiri patsogolo pake. Ine ndinasankhidwa kukhala Kaputeni Martin. Ndinkamanga thaulo loyera kumutu kuti likhale imvi, nkumadina mabatani olakwika dala, kwinaku ndikuyankhula chizungu cha m'mphuno.

"Speed!" amalume ankakuwa. "Stop! I have control!"

Mpaka galu wa aneba kumauwa. Michelle, mwana wawo wa zaka nayini, ankatseka makutu. "Daddy, you're so loud."

Anti ankaomba m'manja. "Mwaona? Mukutha!"

"Uyu ndi mwana," amalume ankatero, nkumandichotsa thaulo lija kumutu. "Mwana sizivuta."

Mayeso enieni a sukulu ya anti anabwera okha mu February. Tinkapita ku ukwati ku Wolverhampton, galimoto yathu ili ku garaji, ndiye anatitenga a Dixon, mkulu wa mpingo. A Dixon ali ndi zaka za m'ma sevente, anayendetsako mabasi a muno mu Birmingham zaka zambiri, ndipo safuna kumva za mapu a pafoni. Amati kamtsikana ka m'foni sikangawauze njira. Amayi anali ku shift, ndiye kumbuyo tinali ine, anti ndi Michelle. Amalume anakhala kutsogolo, kumanzere kwa a Dixon.

"Taona," anti anandinong'oneza. "Mpando wa kaputeni weniweni."

Titafika pa Spaghetti, paja misewu yapotana ngati matumbo, a Dixon anali mkati mofotokoza za kwaya ya amayi imene yagawanika pawiri chifukwa cha mtundu wa nsalu. Nkhaniyo ndinkaidziwa kale, ndipo iwo anasiya mbali yokoma ya mai Roselyn, mmodzi wa oimbawo. Ali mkati moyankhula anakhotera kolowera ku Coventry, m'malo mwa kolowera ku Wolverhampton. Ine ndinaona. Anti anaona. Amalume anaona tonsefe tisanaone, chifukwa khosi lawo linauma gwa.

Anti anawatsina paphewa.

"Bambo," amalume anayamba, "msewu uwu ausalaza bwino masiku ano."

"Eee, kale unali maenje okhaokha."

Anti anatsinanso, ulendo uno pakhosi.

"Bambo, kodi Wolverhampton ija... kapena ndine ndaiwala... inali mbali inoyi?"

"Osadandaula, mwana wanga. Mseu uno ndimaudziwa ngati chikhatho changa."

"Chabwino, bambo."

Chabwino bambo! Tinayenda, tinayenda, zikwangwani zikungoti Coventry, Coventry. Anti anatseka maso ngati akupemphera, koma milomo yawo sinkanena za Mulungu. Kenako Michelle anadzutsa mutu pa tabuleti yake.

"Grandad Dixon, you're going the wrong way."

"Aa? Zoona?" A Dixon anasuzumira chikwangwani nkuseka kwambiri, kumenya chiwongolero. "Ukalamba uwu! Nanga a Osborne, bwanji osanena? Si inu oyendetsa ndege?"

Ku ukwati tinapeza madalitso atha, anthu ayamba kale perekaniperekani. Pamalo oimika magalimoto anti anadikira kuti a Dixon atalikire.

"Mwana wa zaka nayini," anatero. "Nayini."

"Akanazindikira okha. Munthu wamkulu sumuchititsa manyazi pamaso pa azimayi ndi ana."

"Ndiye anthu afere mu ndege kuti mkulu asachite manyazi?"

Amalume anangokonza tayi nkulowa m'holo. Tsiku limenelo sanavine, chonsecho ndi munthu amene amayamba kuvina wa zimbale asanalumikize mawaya.

Kuchokera pamenepo anasiya zoseka. Ndinkawamva m'bafa m'mawa akudzikuwira okha pagalasi. Pafoni yawo anaikapo chithunzi cha Kaputeni Martin chimene anachipeza m'nyuzi ya kampani, nkumachiyang'ana m'maso akumwa tiyi, kumati, "No. Wrong. Check altitude." Tsiku lina anachita kubweza buledi ku shopu ya mkulu wina wa ndevu zoyera pa Stratford Road, akuti ndi wadzana. Anti anasangalala ngati alandira mendulo. Sindinawauze kuti ine ndinali pomwepo, ndipo amalume anapepesa katatu nkugulanso mkaka umene sitinkaufuna.

Mayeso anali Lachinayi. Anti anasinthana shift ndi mnzawo kuti akhale pakhomo. Ine nditabwera kusukulu ndinawapeza akupukuta tebulo loyera kale. Cha m'ma folo tinamva kiyi pachitseko. Amalume analowa, anavula nsapato nkuziika bwinobwino moyandikana, nkukakhala pabalaza osavula jekete.

"Madalo, pita m'mwamba," anti anatero. "Tenga Michelle."

Michelle ndinamusiya kuchipinda ndi tabuleti yake. Ine ndinabwerera nkukhala pa sitepe yachinayi, pamene pamaonekera theka la sofa chitseko chikakhala chotseka mosamaliza.

"Injini yakumanja inayaka moto, ndinazimitsa," amalume ankanena, mawu ali phee ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. "Chifunga, mphepo, mawilo kukana kutuluka. Zonse ndinathana nazo. Ndinkachita kumva ndekha kuti lero ndi lero. Ndiye chakumapeto, tikutsika kudera la mapiri, wa pa wailesi anati tisatsike kupitirira mafiti folo sauzande. A Martin pa kabatani kouzira ndege polekezera kutsika anaika thuu sauzande."

"Munaona?"

"Ndinaona dzanja lisanachoke n'komwe."

"Ndiye munati check altitude. Munanena. Bambo a Michelle, ndiuzeni kuti munanena."

"Mawu anali apa." Anagwira pakhosi. "Ndinatsegula pakamwa. Koma ulendo uno kumbuyo kwathu kunali anthu awiri a ku ofesi, mnyamata ndi mtsikana, ali ndi mapepala awo. Ndinayang'ana kumanja nkuona dzanja lija, makwinya okhaokha, likunjenjemera pang'ono. Mumtima ndinati, kapena ulendo uno si dala. Kapena alakwitsadi. Munthu woti apuma ntchito chaka chino, ana awa akalembe kuti analakwitsa, ine ndi amene ndawaulula?"

"Ndiye?"

"Anawerama kuyang'ana pepala pamwendo. Ine ndinangotambasula dzanja, kupotoza kabatani, folo sauzande. Mwakachetechete. Sanaone."

Anti anaima. "Phiri simunagunde?"

"Ayi."

"Munatera?"

"Ngati pa matiresi."

"Ndiye mwakhoza!"

"Ndalephera, Zelipa."

Ine kuchokera pamene ndinabwera kuno sindinawamvepo akutchula anti dzina lawo choncho.

Akuti mu ndege palibe chimene umasintha osanena mokweza, ngakhale kabatani kakang'ono bwanji, chifukwa mnzako amakhala akuganiza kuti ndege ikupita uku pamene iwe waitembenuzira uko. Akuti kukonza mobisa n'koipa kuposa ulemu wautali uja. Ndipo a Martin anaona zonse. Kuwerama kuja kunali dala, ankawapatsa mpata woti ayankhule.

"Anandiuza kuti pa kampani yonse palibe wa manja abwino ngati ine," amalume anatero. "Akuti atadwala ali m'mwamba angakonde kuti pambali pawo pakhale ine. Koma sangandipatse ndege ndi anthu ake, poti m'zaka khumi ndi chimodzi sindinawauzepo n'kamodzi komwe kuti alakwitsa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati, thank you, Captain."

Anti anaseka. Si kuseka kwabwino ayi, ndi kuja kumatuluka m'mphuno. Kenako anakhala pansi pa kapeti penipeni, nesi wamkulu ndi diresi lake labwino, nkugwira mutu.

"Pali apilo," anti anatero. "Kulikonse kuli apilo. Kuchipatala ilipo. Mulemba kalata, ine ndikuthandizani, tiitumiza mawa."

"Ilipo."

"Ndiye?"

"Fomu yake ndaiona. Pamafunika kulemba chimene woyesa walakwitsa." Anapukusa mutu. "Ndikalembe kuti a Martin alakwitsa? Sanalakwitsetu. Zonse ananena zoona."

"Kampani ina?"

"Ikanditenga ndiye kukayambira pansi pa mndandanda, limodzi ndi ana ongotuluka kusukulu. Komanso akafunsa chifukwa chimene fayilo inatsekedwera. Amafunsana, ndege za muno n'zochepa."

Foni yanga inanjenjemera m'thumba. Anali Nicole: Ndiye?? Captain kapena? Ndinalemba, ndinafufuta, ndinalembanso. Kenako ndinangoibweza m'thumba. Adzamva Lamlungu, kutchalitchi kulibe chimene chimagona.

Ndinasendera pang'ono pa sitepe paja kuti ndione bwino pabalaza.

"Amakusiyitsani muli ndi zaka zingati paja?" anti anafunsa.

"Sikisite-faifi."

"Ndiye zaka eyitini. Kumanja komweko. Belfast."

"Seventini ndi theka," amalume anatero. "Ndimabadwa mu September."

Anatulutsa foni kuona rosita ya maulendo awo a sabata ya mawa. Lolemba, ulendo woyamba wa m'mawa. Anawerenga dzina la kaputeni mokweza: Anastasia. Akuti ndi kamtsikana kamene kanabwera ku kampani zaka sikisi zapitazo kasakudziwa n'komwe kumene amasungira makiyi a loka yosungiramo katundu, ndipo iwo ndi amene anakaphunzitsa kutera kukakhala mphepo ya m'mbali. Mzere wachinayi kanalandira mwezi watha.

"Ndi mwana wabwino," anatero. "Amabweretsa mabisiketi."

Anaimirira nkuvula jekete lija tsopano. Atatsegula chitseko anandipeza pa sitepe, ndilibe ngakhale buku loti ndinamizire. Ndinayembekeza kuti andikalipira. Anangondiyang'ana, maso ofiira.

"Madalo, chipepala chija pakhoma ukachimatule. Pang'onopang'ono, penti ndi wa eni nyumba."